Wotchi m'lichero

Wotchi yathu ya pakhoma tinaigula chaka chimene nandolo anabereka bwino. Titagulitsa, amuna anga anati tipite ku boma tikagule chinthu choti mlendo akalowa adziwe kuti m'nyumba muno mumakhala anthu. Ine ndinavomera msanga, koma chifukwa changa chinali china.

Amalume anali atandipatsa ndime ku sikimu yothirira, ndipo ndinadzalamo chimanga. Kumeneko madzi amayendera nthawi. Komiti imagawa, uyu 7 koloko, uyu 8 koloko, ndipo anga anali Lachiwiri lililonse 9 koloko. Ukachedwa, wotsatira amatsegula ake, iwe n'kudikira sabata yamawa. Foni m'nyumba mwathu ndi imodzi, ndipo imachoka m'mamawa ndi mwini wake, chifukwa iwo ndi a kabaza, makasitomala amawaimbira. Choncho ndinkapita kumunda kutangocha n'kukhala padzuwa, mwana kumsana, kudikira kuti wina andiuze kuti nthawi yanga yakwana. Zimenezi zinanditopetsa.

Sitolo yake inali pafupi ndi msika. Khoma lonse la kuseri kwa kauntala linali mawotchi okhaokha, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Inalipo yooneka ngati mtima, ina ya chithunzi cha Mgonero wa Ambuye, ina ya mbalame ziwiri zoyang'anizana. Maso anga anagwera pa ina yoyera, yopanda chokongoletsa chilichonse, manambala ake akuda, akuluakulu.

"Sankhanitu, asisi," anatero wogulitsa. "Kapena osankha ndi abwanawa?"

Ndinaloza yoyera ija ndi chibwano. Amuna anga anaseka.

"Iyo ndi ya kuchipatala, mayi. Mukufuna alendo azibwera kwathu ndi mabuku a sikelo?"

Wogulitsa anatsitsa ina. Inali ya mtundu wa golide, m'mbali mwake muli timinga tosongoka ngati dzuwa lojambula ana a sukulu. Anaipukuta ndi malaya ake n'kuiika pa kauntala.

"Iyi ndiye ya anthu odziwa zinthu. Manambala ake ndi achiroma."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Manambala ndimawadziwa, ndipo nthawi ya pafoni ndimawerenga popanda vuto. Koma pa wotchi iyi panalibe nambala imene ndinaizindikira. Panali timitengo ndi mitanda basi. Ndinafuna kunena, koma pambali pathu panaima amayi awiri ogwira ntchito m'maofesi, zikwama zili m'manja, akusankha makapu.

"Mwaiona bwanji?" anafunsa amuna anga.

"Ndi yokongola," ndinatero. Sindinaname.

Pobwerera ndinaifungatira pa njinga ngati mwana wachiwiri. Kunyumba tinaipachika pamwamba penipeni, pafupi ndi malata, kuti mwana akayamba kuyenda asadzaifikire. Ndinaizunguliza maluwa apulasitiki amene tinalandira pa ukwati, mbali ina ndinaika kalendala, mbali ina chithunzi chathu. Anansi anabwera kudzaona. M'nyumba zambiri kwathu kuno mawotchi amangokhala pakhoma opanda batire, chaka chonse akuloza nthawi imodzi, ndipo palibe amene amadandaula. Yathu inali ndi batire, inkamveka ikugunda, ndipo aliyense wolowa ankayamba wayang'ana m'mwamba asanapereke moni.

Lachiwiri litafika, ndinafunsa ngati nkhani yopanda pake, amuna anga atakwera kale njinga.

"Kodi 9 pa wotchi yathuyi ndi pati?"

"Pa mtanda wokhala ndi kamtengo. Muvi waufupi ukafika pamenepo, yakwana."

Anapalasa n'kumapita. Ndinaima pansi pa wotchi n'kufufuza, ndipo ndinaupeza mtanda wokhala ndi kamtengo, chakumtunda, kumanzere. Ndinasangalala. Ndinasesa, ndinachapa matewera, ndinasambitsa mwana, kwinaku ndikusuzumira. Muvi unkakwera pang'onopang'ono. Dzuwa nalo linakwera, mthunzi wa mango unafupika, ndipo mtima unkandiuza kuti nthawi yapita. Koma ndinati dzuwa ndi la aliyense, wotchi tinachita kugula.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mitanda yokhala ndi kamtengo pa wotchi imeneyi ilipo iwiri. Wa 9 unagona chammbali, ndipo tsamba la maluwa anga aja linauphimba theka. Umene ndinkaudikira ine unali wa 11.

Nditafika ku sikimu, madzi anali m'ndime ya mayi wina, wachiwiri kuchokera pa ine. Anaweramuka, khasu lili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, anzathu? Kapena nditi mwaswera bwanji?"

Ena anaseka. Ine ndinangopita kundime yanga. Chimanga changa chinali chofika m'mawondo, ndipo unali mwezi wotentha. Masamba anali atayamba kale kupindika.

Madzulo ake amalume anabwera. Ndinawapatsa mpando, ndipo anakhala moyang'anizana ndi wotchi. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Wotchi ya golide, chimanga cha khaki," anatero. Sanaseke. "Tamvera, mwana iwe. Ndime ija anthu akuifuna. Mng'ono wako wandipempha kawiri. Madzi akakudutsanso Lachiwiri likubwerali, ndimupatsa iye. Sindikukuda, koma nthaka siidikira munthu."

"Ndamva, malume."

Atachoka, ndinapita kuseri kumene amuna anga ankatsuka njinga. Ndinaima pambali pawo.

"Bambo a mwana, wotchi ija sinditha kuiwerenga."

Anasiya kutsuka. "Nanga bwanji simunanene m'sitolo muja?"

"Pamaso pa amayi a m'maofesi aja?"

Ndinkayembekezera kuti akwiya. M'malo mwake anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mukuganiza kuti ineyo Chiroma ndinachiphunzira kuti? Ndimangodziwa kuti pamwamba ndi 12, basi, kenako ndimawerenga mozungulira ngati ndikuwerenga nkhuku."

Tinaseka tonse, ndipo manyazi amene ndinawasenza sabata yonse anatsika. Iwo anati aibweze ku sitolo akatenge yoyera ija. Ndinakana. Wotchi ya golide ndinali nditaikonda, ndipo sindinafune kuti anansi aone kuti yatigonjetsa. Ndinaganiza zolemba manambala pagalasi lake ndi kyuteksi wopaka zikhadabo, koma iwo anati idzaoneka ngati ili ndi zilonda, ndipo ananena zoona.

Nzeru inandibwerera m'mawa mwake ndikupeta mpunga. Lichero ndi lozungulira, wotchi ndi yozungulira, koma lichero ndi lalikulu. Ndinathira mpunga m'beseni, ndinatsitsa wotchi, n'kuigoneka pakati pa lichero. M'mbali monse munatsala malo okwana zala zinayi.

Tsiku la msika ku Chiringa ndinagula lichero latsopano kwa bambo wina wokalamba amene amaluka yekha. Ndinasankha lolukidwa mothinana, nsungwi zake zoyera, mkombero wake wosapindika. Anandifunsa ngati ndakolola mpunga wambiri chaka chino. Ndinati ayi, ili ndi la pakhoma. Anandiyang'ana ngati sanamve bwino, koma sanafunsenso.

Kunyumba amuna anga ankaloza ndi chala kuchokera pamwamba, akutchula nambala, ine n'kumaika chizindikiro ndi khala pa lichero. Kenako ndinatenga singano yosokera matumba a chimanga ndi ulusi wofiira umene unatsala nditaluka chipewa cha mwana. Ndinasoka masiku atatu. Pa nsungwi sungakhote bwino, choncho manambala anatuluka a ngodya ngati a pafoni, ndipo zimenezi zinandikomera, chifukwa ndiwo amene maso anga anawazolowera. 1 ndi 7 sanavute. 5 ndinamumasula kawiri, ankangofanana ndi 2 woyang'ana kumbuyo. Zala zinatupa. Nditafika pa 9 ndinasintha ulusi, ndinasoka ndi wachikasu, ndipo ndinamukulitsa kuposa anzake.

Wotchi ndinaimangirira pakati ndi kawaya, ndikusiya kabowo kumbuyo kosinthira batire. Sindinaibwezere pamwamba paja. Ndinakhoma msomali wina pakhoma loyang'ana khomo, molingana ndi maso anga, kuti ndiziiona ngakhale ndili pakhonde. Mwana akadzakula adzauzidwa kuti asaigwire, ngati mmene amauzidwira za moto. Maluwa apulasitiki ndinawaika m'botolo pa kabati. Kalendala ndi chithunzi ndinazisamutsira khoma lina. Ndinaona kuti chinthu chokongola chikakhala chokha chimaoneka bwino kusiyana ndi pamene wachiunjikira zinzake.

Amuna anga atabwera anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Golide m'lichero! Anthu adzati mayi a m'nyumba muno akupeta nthawi."

"Anene. Bola madzi ndikawapeze."

Anayandikira n'kupendeketsa mutu. Kuwala kwa panja kunkagwera pa timinga ta golide tija, ndipo kumbuyo kwake nsungwi zoyera zinkaonetsa mtundu wake bwino kuposa khoma lathu la dothi.

"Koma yakhala bwino," anatero motsitsa mawu. "Musauze anthu kuti ndavomera."

Masiku otsalawo ndinkayeserera. Wailesi ikanena nthawi, ndinkathamangira kukaona pamene muvi waufupi waloza. Amuna anga akakhala pakhomo ndinkanena nthawi mokweza, iwo n'kuyang'ana pafoni. Muvi wautali unandizunguza masiku awiri, mpaka ndinagwira kuti ukaloza pansi, pa 6, ndiye kuti ola lili pakati. Pofika Lolemba sindinkalakwitsanso.

Lachiwiri ndinagwira ntchito zanga zonse mosathamanga. Muvi waufupi utakhala pakati pa 8 ndi 9 wachikasu uja, wautali utaloza pansi, ndinabereka mwana, ndinatenga khasu, n'kutseka chitseko.

Ndinapeza bambo amene amathirira ine ndisanayambe akumalizitsa mzere wawo womaliza. Amalume analiponso, ataima pa mlambala wa ngalande ngati munthu wongodutsa.

"Lero walawira," anatero.

"Sindinalawire, malume. Ndafika pa nthawi yake."

Bambo aja atatseka kwawo, ndinachotsa thumba la mchenga limene limatchinga njira ya kundime yanga. Madzi analowa, nthaka youma ikuwamwa ndi kaphokoso. Chimanga cha kumunsi chinali chofooka koma chamoyo. Mizere iwiri ya kumtunda, kumene nthaka ndi ya mchenga, inali itaumiratu, ndipo ndinadziwa kuti imeneyo siidzukanso.

Amalume anatsika, anandilanda khasu n'kuyamba kutsogolera madzi mumzere, ine ndikukonza mwana kumsana. Anagwira ntchito mpaka pakati pa ndime. Kenako analoza mizere youma ija ndi mpini.

"Umu uzulemo, udzalemo nyemba. Mbewu ubwere udzatenge kwathu mawa."

"Nthawi yanji, malume?"

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu akumwetulira.

"Iwenso wayamba. Ubwere 2 koloko."