Chitenje cha Amayi pa Msana wa Jekete

Ine ndinabadwira ku Nsanje, kumene munthu amatuluka thukuta atangokhala pansi pa mtengo. Ndiye atanditumiza kukaphunzitsa ku Chisenga, m'boma la Chitipa, alongo anga anaseka mpaka kugwira nthiti. "Iwe, Juni asanathe tikakuchingamira ku depoti," anatero. Amayi sanaseke. Anandipatsa chitenje chatsopano cha maluwa ofiira, nati ndidzachivale tsiku lobwerera kwathu.

Juni atafika ndinaona kuti alongo anga sankanama. Mphepo yochokera ku mapiri a Mafinga inkalowa mpaka m'mafupa, m'mawa zala n'kumakana kugwira choko. Kalata yopempha kuti andisamutse ndinailemba ndithu, koma ndinaibisa pansi pa sutikesi. Ndine wa nkhutukumve, sindinafune kuti alongo anga apambane.

Loweruka lina ndinapita ku Boma, pa kaunjika, n'kupeza jekete lachizimayi lofufuma, la thonje m'kati, lofika m'mawondo, la chipewa chake chomwe. Ndinalikumbatira ngati m'bale wanga.

Nditafika kunyumba ndinalichapa. Tsono kwathu chovala chilichonse choyanikidwa panja chimasitidwa, poopa mphutsi zolowa pakhungu. Anandilera choncho, ndipo sindinaganize kawiri. Ndinakoleza makala mu simbi, n'kuigwetsa pamsana pa jekete. Linangoti fwaa! Fungo la pulasitiki wopsa linadzaza nyumba, pamsanapo patatsala bowo ngati mbale, thonje lili panja. Ndinalira, sindibisa.

Mayi woyandikana nane, mlimi wa nyemba wa komweko, anabwera atamva fungo. "Asambizgi, mwasita jekete? Yayi, mwe!" Asambizgi ndiye kuti aphunzitsi m'chinenero cha kumeneko. Anaseka kaye, kenako anatembenuza jeketelo uku ndi uku. "Ili silinafe. Mupeze nsalu yolimba, tisoke pamanja. Makina a telala angolitafuna."

Nsalu yolimba m'nyumba mwanga inali imodzi yokha. Ndinatulutsa chitenje cha amayi, ndipo kalata ija inatuluka nacho limodzi. Kalatayo ndinaiyala pabowo, inakwanira bwino lomwe, moti ndiyo ndinayezera chigamba. Sizasi ndinaigwira nthawi yaitali, mtima ukuwawa, chifukwa ndinkadziwa chimene ndikudula. Ndinadulabe.

Mayi aja anandiphunzitsa kubwezera thonje pang'onopang'ono ndi chala, ndi kusoka mizere yopingasa kuti lisamatsikire pansi. Pa Lachitatu ndinaphwasula zonse chifukwa chigamba chinapendama. Ndinayambiranso. Nsalu yotsala ndinaidula timizere, n'kusokera kumapeto kwa mikono ndi m'mphepete mwa chipewa, kuti woona aziyesa kuti linabwera choncho. Zala zinatupa ndi singano, koma sabata itatha ndinalowa nalo m'kalasi, choko chili m'manja. Aphunzitsi anzanga awiri anandipempha kuti ndiwakongoletsere awo, opanda bowo n'komwe.

Ndinatumiza chithunzi kwathu pa foni. Anayamba kuimba ndi amayi.

"Chitenje chija wadula?"

"Ndadula, amayi."



"Ndiye kuti sukubwerera."

"Ndizibwera pa holide, amayi."

Ndinawamva akupuma mozama. "Chabwino, mwanangu," anatero. "Uzitseka zipi mpaka m'khosi."