Odi wa achimwene

Ndinkakhoma thako la ndowa pamene achimwene anati odi kuseri kwa mpanda.

"Odi kuno. Odi, eni nyumba."

Nyundo inandipulumuka m'manja. Achimwene tinali titawaika m'manda masiku ochepa m'mbuyomo. Ndine ndinatsikira m'dzenje kukawalandira, n'kuwagoneka cham'mbali monga timachitira Asilamu. Dothi la kumanda linali likadali m'nsapato zanga.

Ndinasuzumira pampanda. Anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, akuyanika zovala, foni ili m'thumba la siketi. Mawu ankatuluka m'menemo. Atatha odi, achimwene anatsokomola pang'ono, n'kupitiriza m'Chishona chawo chokhotakhota chija: ndowa, mbaula, mabeseni, mapoto obooka timamata, bwerani kwathu ku Maglas. Mayiyo atandiona anazimitsa msanga. Anapepesa. Ine ndinatola nyundo.

Tinabadwira m'komboni ya mgodi, kuno ku Zvishavane. Bambo athu anachokera ku Malawi ali mnyamata, ndipo sanabwerereko. Tonse awiri tinalowa mumgodi. Ntchito itatha tinatulutsa zida za bambo, lumo la malata ndi nyundo ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo, n'kumanga chisakasa pabwalo la nyumba ya achimwene. Ine ndinali manja. Iwo anali pakamwa. Ankamanga ndowa pachingwe, kuponya paphewa, n'kuyenda khomo ndi khomo. Anthu ambiri kuno ndi Ashona, pakhomo la munthu amati gogogoi. Achimwene anakana kuphunzira zimenezo. Ankaima pageti n'kunena odi, ndipo sankasuntha mpaka wina atayankha. Ana a m'misewu ankawatsatira akuwayeserera. Iwo ankangoseka.

Kenaka chifuwa chinawagwira, chifuwa cha anthu a mumgodi. Kamtunda kakang'ono ankapuma kangapo. Ndowa zinayamba kuunjikana m'chisakasa.

Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku Gweru, kumene ankagwira ntchito yotsatsa malonda a masitolo pa masamba a mchezo. Anabadwira kuno. Chichewa amamva, koma kuyankha amasakaniza ndi Chishona. Ine amanditchula bamnini, bambo wamng'ono.

"Baba, miyendo yatha koma pakamwa pakadali," anatero. "Foni ikuyenderani."

"Foni ili ndi miyendo?"

"Ilibe. Koma imalowa mpaka kuchipinda. Inu munkathera pageti."

Anatsegula tsamba. Anandandalika ndowa kukhoma, kuzijambula dzuwa likuwala pa malata. Anafuna kujambula ine nditagwira mbaula, akuti ndimwetulire.

"Usataye nthawi," anatero achimwene. "Ameneyo ukamuika pa foni makasitomala athawa. Jambula ndowa, imaseka kuposa iye."

Anajambula ndowa.

Zithunzi zokha sizinakoke anthu. Ndiye anayamba chimene ankati podikasiti. Ndi ngati wailesi, koma imakhala m'foni, munthu amamvera nthawi imene wafuna. Ankapachika bulangete pazenera kuti phokoso la panja lisalowe, n'kuika kamaikolofoni patebulo. Ine ankandiuza kuti ndiyambe ndasiya kukhoma. Achimwene ankakhala pampando, kapu ya madzi pambali, n'kumakamba za mumgodi: mmene chikepe chinkatsikira, mmene akapitawo ankatukwanira m'Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodi, za munthu amene anagona pansi pa nthaka tsiku la ukwati wake. Zina zinali zoona. Zina ndinalipo, ndipo sizinachitike choncho. Sindinkawatsutsa.

Tsiku lina mwanayo anawauza kuti aitane monga ankaitanira m'misewu. Anaitana. Iye anadula kachidutswa kameneko n'kukaika koyambirira kwa nkhani iliyonse, ndi kwa kanema aliyense wa ndowa.

"Anthu amangotsetsereza chala, bamnini," anandifotokozera. "Ukapanda kuwagwira pa mpweya woyamba, adutsa. Mawu awa ndi chizindikiro chathu. Munthu akangomva odi, wadziwa kuti ndife."

Zinagwira. Anthu ankatumizirana m'magulu a pa foni. Amayi a magulu a maliro anayamba kuitanitsa mapoto aakulu. Ana okhala ku Joni ankaitanitsira amayi awo mbaula. Madala a ku Redcliff, amene ng'anjo zawo zinazima kalekale, ankatumiza mawu kuti mudhara, ndiye kuti mdala, apitirize, akutikumbutsa kukomboni. Ndinakhoma mpaka mapewa kuuma. Achimwene ankagona pamkeka pamthunzi, foni pachifuwa, akudzimvera okha.

"Wamva?" ankatero. "Ndili ku Redcliff panopa, ndiponso ndili pano. Iwe unafikako ku Redcliff?"

Mwanayo anaona kumene chifuwa chinkapita. Anawajambula nkhani zambiri mphamvu zikadalipo, n'kuzitchera kuti zizituluka zokha, imodzi imodzi, pa tsiku lake. Ife sitinadziwe zimenezo. Ndiye achimwene anamwalira, tinawaika, ndipo Lachisanu lotsatira anatulutsa nkhani yatsopano. Anakamba za bambo athu ndi njinga yawo. Nkhani imeneyo anali asanandiuzepo. Ndinaimva kwa munthu wokwera njinga amene anadutsa pamsewu foni ikulira, ndipo mathero ake sindinawamve.

Alamu, mkazi wa achimwene, anali pa eda. Mkazi wamasiye kwathu amakhala m'nyumba miyezi ingapo, osayendayenda, osaonana ndi amuna wamba. Nyumba za ku Maglas n'zothinana. Wina akayetsemula uku, winayo amamva uko. Anthu anamva kuti mudhara wa ndowa wamwalira, ndiye aliyense anafuna kumumvanso. Ankaganiza kuti akutilira nafe. Odi ankachokera kumanzere, kumanja, kumpopi, pamsewu.

Masana ena ndili m'chisakasa ndinamva alamu m'nyumba akuti, "Lowani."

Ndinayang'ana pakhomo. Panalibe munthu. Patapita kanthawi foni ina inalira kuseri, ndipo alamu anatinso, "Lowani." Sanakweze mawu. Ananena monga munthu amanenera ali pakati pa ntchito.

Zinapitirira choncho. Mbale za chakudya zinkatuluka monga zinalowera. Amayi a kumzikiti ankabwera kudzakhala nawo, potuluka n'kumapukusa mitu. Mmodzi anandiuza kuti alamu sakugona, akungokhala moyang'ana chitseko.

Ndinapita pazenera lawo. Katani inali yotseka. Ndinagogoda pafelemu ndi chala.

"Alamu, ndine. Zija ndi mafoni a anthu."

"Ndikudziwa kuti ndi mafoni. Sindinapenge."

"Nanga mukuyankhiranji?"

"Inu munthu akati odi mumatani?"

Ndinachotsa chala pafelemu.

"Zaka zonse ndakhala nawo, sanatipo odi pakhomo lino," anatero. "Ndani amati odi panyumba pake? Ankangokankha chitseko ndi phazi, n'kufunsa madzi osamba. Tsopano aima panja ngati mlendo. Ndikuti lowani, sakulowa. Akupita kwa aneba, akubweranso. Kaya ndinawalakwira chiyani."

Mwanayo ndinamupeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa njerwa, akuyankha makasitomala. Maso anali otupa. Foni inkangonjenjemera m'manja mwake.

"Chotsa odi uja," ndinatero.

"Bamnini, panopa ndi pamene anthu akumvera kwambiri. Onani."

"Sindikuona. Chotsa."

"Chifukwa? Hanti odi ndi moni chabe, si choncho?"

"Ndani anakuuza?"

"Palibe. Ndimangomva baba akunena."

"Si moni. Moni umapereka ukudutsa. Odi umaima, mpaka akuyankhe. Waimika bambo ako pamakomo onse a m'tauni muno. Amene akuwayankha ndi mayi ako okha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana zenera la mayi ake. Ankagona nawo chipinda chimodzi, ankamva lowani uja, koma ankaganiza kuti n'chisoni chabe, kuti chidzatha.

"Ndinkayesa ndi moni," anatero pang'onopang'ono. "Ndinakula ndikuyesa ndi moni."

Anapukuta mphuno.

"Nkhani zija sindichotsa, bamnini. Ndi zokhazo zatsala za baba. Zithunzi ankakana."

"Nkhani zisiye. Ndati odi."

"Ndiye poyambira payenera kukhala chinthu. Tsamba lopanda chizindikiro limafa. Likafa, ndowa zanu mudzazidya?"

Anandilowetsa m'kachipinda ka bulangete kaja. Ndinakhala pampando wa achimwene. Kapu yawo inali ikadali patebulo.

"Nenani chilichonse."

Ndinayang'ana kamaikolofoni. 

"Tchulani katundu basi."

"Ndowa," ndinatero. "Mbaula. Mabeseni. Mapoto obooka timamata."

Pakhosi panandikanda, ndinatsokomola. Iye anadina kuti timve.

Anali achimwene. Mawu awo, kukoka kwawo kwa mpweya kokhala ndi kamluzu, ngakhale chifuwa chija chakumapeto. Palibe anadziwapo kuti timafanana mawu, chifukwa iwo ankalankhula, ine ayi. Inenso sindinkadziwa. Munthu sadzimva.

Mwanayo anagwira pakamwa. Ndinaona m'maso mwake kuti waganiza chinthu, kuti nkhani zikhoza kupitirira osatha, anthu osazindikira. Anachiganiza, n'kuchita nacho manyazi. Ndiponso anamva chifuwacho, chija cha anthu a mumgodi. Tonse tinachimva.

"Fufuta," ndinatero.

Anafufuta.

Mawa lake anabwera ndi kamaikolofoni m'chisakasa, n'kukaika pafupi ndi njanji. Anati ndingokhoma monga mwa masiku onse. Ndinakhoma. Kuyambira pamenepo nkhani za achimwene zinkayamba ndi kulira kwa nyundo pa lata. Ena anadandaula pa tsamba, akuti tibwezereni odi wathu. Ena anachoka. Ambiri anatsala. Maoda anachepa, koma sanathe.

Zimene zinali pa tsamba lake anazikonza. Zimene anthu anali atasunga kale m'mafoni mwawo analibe nazo mphamvu. Anati chinthu chikatuluka sichibwerera. Ndiye anavala mpango, n'kuyenda mzere wathu wonse ndi mizere yoyandikana, nyumba ndi nyumba, kupempha anthu kuti afufute. Ndinamuona ataima pageti la mayi woyanika zovala uja. Sanati gogogoi. Anati odi, n'kudikira.

Anthu anamumvera. Ena anafufuta iye akuona. Ena ankamvera ndi timawaya ta m'makutu. Mzere wathu unakhala chete. Alamu anayamba kudya pang'ono. Amayi a kumzikiti anati tsopano akugona.

Patapita masiku alamu anandiitana pazenera.

"Alamu, asiya kubwera."

"Asiya."

"Ndiye kuti alowa, kapena atopa?"

Ndinayang'ana katani. Sindine shehe. Ndinati ndikukawotcha chitsulo, n'kubwerera kuchisakasa.

Kutauni n'kwina. Kumeneko mwanayo sakanatha kuyenda khomo ndi khomo. Ndinkapita kusiteji kukakweza mbaula pa makombi, maminibasi a ku Gweru, ndipo nthawi zina achimwene ankati odi m'thumba la munthu wosamudziwa. Kondakitala wina anawaika kuti akhale kulira kwa foni yake. Ikalira, iye ankayankha kuti ndiani, anzake n'kuseka. Sankadziwa kuti ndine ndani. Ndinkamanga katundu wanga, n'kuchoka. Kunyumba sindinkanena.

Eda inatha. Tinachita sadaka, anthu anadya, anabalalika. Alamu anayamba kutuluka, kupita kumsika, kukhala pakhonde. Anaonda, koma anali iwo. Tinkalankhulana pabwalo, maso ndi maso, za malasha ndi za denga lodontha. Akandiona ndikulankhula sankavutika. Nkhope ndi yanga.

Tsiku lina ketulo yawo inabooka. Anaisiya m'chisakasa ine kulibe. Ndinaimata, kuikwecha ndi mchenga mpaka kuwala, n'kupita nayo kunyumba. Kunali kutentha. Mwanayo anali atapita kutauni kukajambula mapoto kwa kasitomala. Chitseko chinali chotseka. M'kati ndinkamva alamu akusesa.

Ndinaima pakhomo. Si nyumba yanga. Pakhomo la alamu munthu sumangokankha, ndipo ife sitinaleredwe kugogoda chitseko ngati apolisi. Pali mawu amodzi okha onena pamenepo. Ndinawanena pakhomo limenelo kuyambira tsiku limene achimwene anakwatira. Ndinatsegula pakamwa, kukoka mpweya, ndipo m'chifuwa munalira kamluzu kaja.

Tsache linaima.

Sanafunse kuti ndani. Anangokhala chete kuseri kwa chitseko, akudikira. Ndinkamva kupuma kwawo. Ndikanati odi, akanamva mawu a achimwene, akanati lowani, ndipo ulendo uno chitseko chikanatseguka, munthu n'kulowa.

Ndinaika ketulo pansi, pang'onopang'ono kuti isalire pa simenti. Ndinatembenuka, kudutsa chisakasa, kutuluka pageti.