Ndinangotsokomola pa Kacholola

Sendelani kuno, ana inu, ndiulule chimene ndabisa zaka zonsezi.

Nthawi imene zipani zinachuluka, mabasi a boma anatha, msewu unadzaza maminibasi. Apongozi anga a Tembo, amuna a mwana wanga Esinati, anatsika pangolo ya ng'ombe n'kukhala dalaiva. Sukulu yao yonse inali sabata imodzi, kuzungulila bwalo la mpila ku Petauke.

Tsiku lina ananditenga ulendo wa ku Lusaka, n'kundikhazika kumbuyo kwao kwenikweni. Titapitilila Nyimba, dzuwa lili paliwombo, ndinaona mutu wao ukugwa, ukudzuka, ukugwanso. Mai wina wogulitsa nthochi, amene ndinakhala naye, anandigwila bondo.

"Amai, si apongozi anu awa? Adzutseni!"

Ine kugwila mpongozi paphewa? Kumuuza pamaso pa anthu kuti akusinza? Kwathu sitiyang'anana ngakhale kumaso.

"Akupemphela," ndinatelo.

Kenaka ndinatsokomola. Kawili, mwaulemu ndithu, dzanja lili pakamwa. Hutala yanga yonse inali imeneyo.

Pa Kacholola msewu unakhota, koma ife sitinakhote.

Mai wa nthochi uja anamudula mwendo. Amakhala ku Nyimba, ndipo ndikamuona pamsika ndimadzela kwina. A Tembo sanagwilenso chiwongolelo, akulima ku Nyampande ndi dzanja limodzi. Esinati anamwalila akukhulupilila kuti linaphulika ndi tayala, poti ndinamuuza ndine. Ine ndinatuluka wopanda ndi kabala komwe, ndipo mpaka lelo a Tembo amauza anthu kuti apongozi ao ndi munthu waulemu.