Mizere Itatu Imene Sinakoperedwe

Chaka chimene ndinali mlembi wa komiti ya asodzi pagombe lathu, mwana wanga wamkazi, amene amalemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe, anatikonzera makina ochenjeza za mphepo. M'mawa uliwonse uthenga unkafika pa mafoni a eni maboti, wonena ngati nyanja ikhala bata kapena iwinduka. Anandionetsa mizere itatu yolembedwa padera, kunja kwa pulogalamuyo: dzina la malo, mphamvu ya mphepo yoyenera kuchenjezera anthu, ndi ola lotumizira.

"Ikamayamba ntchito imafunsa zimenezi, bambo. Ikapanda kuzipeza siima ayi, imangotenga zimene ndinaisungira m'kati."

Ndinavomera ndi mutu, koma chimene anasungacho sindinafunse.

M'mwezi wa Juni kompyuta ya komiti inapsa, ndipo tinagula ina ku Salima. Wogulitsayo anatikoperera pulogalamu ija, mauthenga n'kuyambanso kufika pa nthawi yake. Sabata yathunthu mawu anali amodzimodzi: bata.

Lachinayi m'mawa mng'ono wanga ankakonzeka kupita ku chilumba cha Mbenji ndi anzake asanu ndi mmodzi. Timitambo topyapyala tinkathamanga kuchokera kummwera, ndipo bondo langa linkawawa.

"Mwera uwu ukubwera," ndinamuuza.

"Achimwene, bondo lanulo limalosera mwera ngakhale pa Khirisimasi. Foni yati bata."

Analiza injini, napita.

Pofika masana mchenga unali utayamba kulowa m'maso. Ndinaimbira mwana wanga, iye nandiuza kuti ndiwerenge zolembedwa pamwamba pa galasi la kompyuta.

"Pa dzina la malo palembedwa chiyani?"

"Lilongwe."

Mwana wanga anazindikira vutolo pomwepo.

"Wogulitsa uja mizere ija sanaikopere. Ine ndinasungamo Lilongwe, poti ndinkayesera kuno."

Masiku onsewo tinkalandira mphepo ya mzinda wopanda nyanja, ndipo makinawo sanadandaule n'kamodzi komwe. Mwana wanga ankatchula za m'mizere ija chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba ndi chala chimodzi. Chenjezo linatuluka, mafoni a ife otsala kumtunda analira onse pamodzi. Ya mng'ono wanga sinkapezeka.

Loweruka boti lawo linafika likukokedwa ndi lina, lopanda ukonde. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, ndikuwerenga anthu okhalamo. Ndinawerenga katatu, koma sanapitirire asanu ndi mmodzi. Amene anali pachiwongolero sanali mng'ono wanga, ndipo sanafune kundiyang'ana kumaso.