Chithunzi Chofiira cha Odarka

Odarka Pawluk anabadwira m'nyumba yoyang'anana ndi njanji, pakati pa minda ya tirigu ya ku Saskatchewan, ndipo chiyambire ali mwana sankajambula china koma njanji ndi sitima. Anzake akusoka madiresi a ukwati, iye ankagula penti. Amayi a kutchalitchi ankamunena kuti mutu wake sukoka. Onenawo lero akuwakumbuka ndani?

Mlongo wake Wasyl ankayendetsa sitima ya tirigu yodutsa pamenepo masana aliwonse. Akabwera kudzadya Lamulungu, sankalephera kumuputa.

"Chemwali, zaka makumi awiri ukujambula njanji yomweyomweyi. Ukuopa kuti ithawa?"

"Idyani, achimwene. Mumaoneka anzeru pakamwa pakakhala podzaza."

M'chilimwe cha 1961 dzuwa linaotcha mpaka tirigu kufota. Odarka anali atatha miyezi iwiri pa chithunzi chachikulu cha njanjiyo ndi kamlatho kake. Kwa nthawi yoyamba anthu a mumzinda anali atamupempha kuti akachionetse. Tsiku lomalizitsa anaima pamalo pake pa nthawi zonse, natambasula mkono, natsinzina diso limodzi, nalinganiza mpini wa burashi ndi njanji monga ankachitira. Zaka zonsezo burashi ndi njanji zinkagwirizana. Tsiku limenelo zinakana.

Anapukuta thukuta, nayesanso. Kutsogolo kwa kamlatho njanji inali itapindika ngati njoka. Anayang'ana pachinsalu: dzulo inali yowongoka. Bambo awo, amene anakalambira pa ntchito yokonza njanji, ankati chitsulo chikatentha n'kusowa kofutukukira chimadumphira pambali.

Kutali kunamveka kulira kwa sitima.

Lamya inali kunyumba, ndipo nthawi yokafikako panalibe. Kukweza manja n'kosathandiza, pakuti tsiku lililonse ankamubayibitsa Wasyl, iye n'kuyankha ndi hutala osachepetsa liwiro. Anthu a sitima amaimira chinthu chofiira. Diresi lake linali lobiriwira, mpango woyera. Chofiira chinali mu penti mokha, ndipo chinthu chachikulu chooneka patali chinali chimodzi basi.

Anafinyira penti yofiira yonse pachithunzicho, naipaka ndi chikhatho. Kamlatho kanazimirira, mitambo inazimirira. Anachinyamula n'kuthamanga m'mbali mwa njanji kukakumana ndi sitimayo, poti sitima yolemedwa ndi tirigu siima pafupi. Miyala inamuvula nsapato imodzi. Anachikweza pamwamba pa mutu, akuchigwedeza uku ndi uku.

Hutala inalira kawiri, moseka, monga mwa masiku onse. Odarka analowa pakati penipeni pa njanji, osasuntha. Nthaka inayamba kunjenjemera pansi pa phazi lake lopanda nsapato.

Kenaka mabuleki anakuwa. Iye anadumphira m'udzu, injini n'kumudutsa, mabogi akugundana, akukwekwereza, akupitabe. Sitima inaima patatsala mtunda wa mabogi anayi kuti ifike popindika paja.

Wasyl anatsika akutukwana. Odarka anangoloza. Wasyl anapita kukaona, nakhalitsako, ndipo pobwerera chipewa chinali m'manja.

"Chemwali," anatero, "inayambadi kuthawa."

Chithunzicho sichinapite kumzinda, ndipo a mumzindawo sanamuitanenso. Chili pakhoma kwa adzukulu a Wasyl, chofiira psuu, zala za Odarka zikuonekabe. Mlendo wina anafunsapo ngati sangachikonze. Sanamupatsenso tiyi wachiwiri.