Nyimbo Yosasita ya Mayi Zipi

Mayi Zipi amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pamene njanji imadula tauni pakati. Dzinali anawapatsa ndi anthu apaulendo, chifukwa zipi ya chikwama ikafa padepoti, aliyense amalozeredwa kwa iwo. Makina awo ndi opalasa ndi phazi, akuda, okalamba kuposa sitoloyo, ndipo lamba wake anachita kulumikiza ndi kawaya. Akamapalasa amayimba. Nyimbozo amapeka okha, ndipo ukawaputa m'mawa, pofika madzulo mbiri yako ili m'kamwa mwa msika wonse. Kondakitala wina anayerekeza kuwaitana kuti agogo. Mpaka lero ana amamuyimbira nyimbo ya kolala yake yakuda.

Tauniyi ili ndi zinenero ziwiri. Kumunsi kwa njanji amayankhula chawo, kumtunda chawonso. Amagulitsana tomato, amakwatirana, amatukwanana, koma nthabwala ya mbali ino imafika mbali inayo itazizira. N'chifukwa chake mayi woyang'anira laibulale anayambitsa chikondwerero cha olemba mabuku ndi opeka nyimbo, chimene chimachitika chaka ndi chaka muholo ya sukulu. Lamulo lake ndi limodzi basi. Wowerenga kapena woyimba amanena mzere umodzi n'kuima, womasulira n'kuunena m'chinenero chinacho, kenako mwini wake n'kupitiriza. Palibe wotsala m'mbuyo.

Womasulirayo ndi achimwene awo a Mayi Zipi, a bere limodzi, amene tauni yonse imawatchula kuti a Simbi. Mawu akalowa m'khutu mwawo ali ndi makwinya, amatuluka pakamwa atasitidwa bwinobwino. Wina akati, "Ndiwe mbava," a Simbi amati, "Mnzanuyu akuti katundu wake sakumuona." Amamasulira kumaliro, kumaukwati, ngakhale pa mikangano ya malire a mapoloti, ndipo anthu amati ndi munthu wamtendere. Mayi Zipi akamva mawu amenewo amalavula ulusi pansi.

Chifukwa chake ndi chakale. Amuna awo anali akumtunda, ankagwira ntchito yokonza njanji, ndipo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo akungoyamba kumene kulumikiza mawu. Maliro atatha, abale a malemu anadzaza pabalaza n'kunena kuti mwana apite nawo. Nthawi imeneyo Mayi Zipi chinenero chakumtunda sankachimva n'komwe, ndiye amene anakhala pakati anali achimwene awo. Mayi Zipi anati, "Ayi. Mwana wanga sapita. Mundiphe kaye." A Simbi anatembenuka n'kuyankhula mofatsa, alendowo n'kumagwedeza mitu, mpaka wina anawagwira dzanja Mayi Zipi powathokoza. Anadzidzimuka mwana ali kale m'manja mwa azakhali ake. Anamugwira mwendo pakhomo, anthu n'kuwakoka, iwo n'kutsala ndi kansapato kamodzi m'manja.

Anapitako kumtunda kuja, osati kamodzi. Ankabwezedwa pageti, ndipo kenako anamva kuti mwana anamutumiza kumzinda wakutali kwa abale ena. Patapita zaka, azakhali aja anabwera ndi diresi yoti ibwezedwe m'chiuno. Apa n'kuti makutu a Mayi Zipi ataphunzira chinenerocho kwa makasitomala, ngakhale lilime lawo linakana, limangotha kufunsa muyezo ndi kupereka moni. Azakhaliwo anati, "Koma inu mumatikwiyira chiyani? Si munanena nokha kuti timutenge akaphunzire, kungoti mtima wa mayi ndi wovuta?" Tsiku limenelo Mayi Zipi anathyola singano ziwiri. Ndi mmene anadziwira kuti "ayi" wawo anasitidwa.

Chaka chino kunamveka kuti mlendo wolemekezeka pa chikondwerero ndi mwana wa m'tauni momwemo amene tsopano ndi wolemba mabuku wotchuka kumzinda. Chithunzi chake anachimata pachitseko cha sitolo ya zitsulo, pamwamba penipeni pa makina a Mayi Zipi. Sanafunse munthu. Mphumi imeneyo anaidziwa, ndi ya malemu amuna awo. Namwino wina amene ankadikira yunifolomu yake anali nalo bukulo m'chikwama, ndipo anawawerengera tsamba limene aliyense ankalikamba. Mlembiyo anati anafika kwa azakhali ake ali ndi nsapato imodzi, chifukwa amayi ake analibe ngakhale nthawi yomufunira inzake. Anati, "Amayi anga anandipereka osakhetsa msozi, ngati akubweza mbale yobwereka."

Aa, zinawapweteka! Kulandidwa mwana anapirira. Koma kuti bodza lomwe lija lilowe m'buku, liziwerengedwa ndi anthu osawadziwa, ndiponso kuti mwanayo akwere basi kubwerera kwawo akulikhulupirirabe, zimenezo ndiye anakana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sabata yonseyo makina analira kuposa masiku onse, koma nyimbo ankaiyimbira m'kamwa, osatulutsa mawu.

A Simbi anafika pakhondepo atavala jekete lawo la misonkhano, n'kukhala pabenchi ya makasitomala.

"Achemwali, chaka chino mutiyimbira ya chiyani?"

"Mukaimva konko, achimwene."

"Ndimati ndiidziwiretu, kuti ndikaimasulire bwino."

"Bwino wanuyo ndimamudziwa."

A Simbi anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Zakale zisiyeni zigone. Mnyamatayu wabwera ndi ulemu wake. Musakamuchititse manyazi pagulu."

"Iye pondilemba anandilembera kuchipinda?" anatero Mayi Zipi, n'kudula ulusi ndi mano. "Nyamukani, benchiyo ndi ya anthu obweretsa zovala."

Tsiku la chikondwerero holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mawindo. Mabenchi a ana asukulu anawakankhira kutsogolo, akumunsi n'kukhala kumanzere, akumtunda kumanja, monga mwa masiku onse, ngakhale palibe amene anawalamula. Mphunzitsi wina anawerenga ndakatulo yaitali ya mvula, anthu n'kuwomba m'manja posangalala kuti yatha. Makaniko wanjinga anayimba ndi gitala wa zingwe zinayi. Kenako mlendo uja anaimirira, wamtali, imvi zitayamba kale m'mbali mwa mutu, n'kutsegula buku lake patsamba lomwe lija.

Anawerenga za mbale yobwereka. A Simbi anatsokomola, n'kuuza akumunsi kuti, "Akuti amayi ake anamulola kupita ndi mtima wolimba." Mayi Zipi anaseka mokweza ali pabenchi yachitatu, anthu mpaka kucheuka. Ha! Munthuyu ngakhale chitonzo amachisita.

Woyang'anira laibulale atawaitana, holo inayamba kuseka iwo asanafike n'komwe kutsogolo, poti chaka chilichonse amabwera ndi nyimbo yoseketsa. Anakwera ndi tepi yoyezera ili m'khosi. Choyimbira sanatenge. Anangoyamba kupalasa phazi pansi ngati ali pamakina, thabwa la nsanja n'kumalira, ndipo anayimba:

"Ndinati ayi, ndinati ayi, mwana wanga sapita."

Anaima. A Simbi anayang'ana kudenga, n'kuuza akumtunda kuti, "Akuti kusiyana ndi mwana n'kowawa."

"Si zimenezo, achimwene," anatero Mayi Zipi, maikolofoni ili pakamwa. Anayimbanso mzere womwewo.

"Akuti mtima wa mayi sufuna mwana apite kutali."

"Si zimenezonso." Anaubwereza. Kuseka kunatha. Woyang'anira laibulale anayamba kuloza wotchi yake, koma Mayi Zipi sanamuyang'ane. Phazi likupalasabe, anauyimbanso mzerewo, n'kuuyimbanso, mpaka ndi ana omwe a kumanja kuja anayamba kuutsatira ndi milomo. Anali atatsimikiza mumtima kuti ngakhale dzuwa lilowe, sapita pa mzere wachiwiri woyambawo usanawoloke njanji uli wathunthu.

Amene anatopa poyamba ndi mayi wogulitsa makala, wa mawu ngati hutala ya lole, amene amatukwana bwino m'zinenero zonse ziwiri. Anaimirira kumbuyo n'kukuwa m'chinenero chakumtunda, "Akuti anakana! Akuti ayi, mwana wanga sapita! Chovuta n'chiyani pamenepa, a Simbi?"

Mlembi uja anadzutsa mutu.

Mayi Zipi anapitiriza. Anayimba za pabalaza podzaza alendo, za mwendo umene anaugwira pakhomo, za kansapato kamene kanawatsalira m'manja, za geti limene ankabwezedwapo. Mzere uliwonse wamakala ankauponya kumanja uli wosaphika, ena n'kumamuthandiza, wina kukonza apa, wina apo. Womasulira weniweni anangoti njo, manja ali m'matumba a jekete. Kenako unafika mzere womaliza:

"Amene anasita ayi wanga ndi uyu waima pambali pangayu."

Wamakala anakhala pansi pang'onopang'ono. Palibe amene anafuna kuunyamula mzere umenewo, chifukwa panalibe banja muholomo limene a Simbi sanalizimitsirepo moto.

"Umenewu ndi wanu, achimwene," anatero Mayi Zipi. "Ndidikira. Kudikira ndinazolowera."

A Simbi anayankhula motsitsa mawu, koma maikolofoni inawapereka. "Achemwali, munalibe ngakhale bulangete lachiwiri. Anthu aja anali ndi nyumba, anali ndi sukulu. Akanamutengabe, mwina ndi ndewu. Ndinafuna apite mwamtendere. Taonani lero, si uyo akulemba mabuku?"

"Zimenezo mumuuzenso, ndi zanu, sindikuletsani. Mwina munalondola, mwina munalakwa, akaweruza yekha. Koma muyambe ndi mawu anga. Pakamwa panali panga, achimwene. Munangobwerekedwa lilime."

Bambo wachikulireyo anavula magalasi. Anatembenukira kumanja, kumene kunakhala mwana wa mlongo wake, n'kunena zonse m'chinenero chakumtunda, mawu ndi mawu, osachotsa khwinya ngakhale limodzi. Ananena zimene mlongo wake ananena tsiku lija, ndi zimene iye ananena m'malo mwake. Atamaliza anatsika pansanja n'kukakhala pampando wapakona, thukuta lili kamukamu.

Mlembi anaimirira, buku likadali m'manja, n'kufunsa funso lalifupi. Wamakala anati atsegule pakamwa, koma Mayi Zipi anakweza dzanja. Anali atamva. Mlembiyo ankafunsa za nsapato.

"Mumuuze kuti ili mudirowa ya makina anga," anatero. "Sindinabwere nayo. Ine si wakuba kuti ndiziyenda ndi umboni. Akaifuna, khonde la sitolo ya zitsulo salipiritsa." Anatsika n'kudutsa pakati pa mabenchi, mutu uli m'mwamba, osadikira kuwomba m'manja. Atafika kuseri kwa holo, pamene palibe wowaona, analira ngati mmene analirira pakhomo paja.

M'mawa mwake anatsegula makina monga mwa nthawi zonse, ngakhale mtima unali m'malere. Chithunzi chija chinali chikadali pachitseko, ngodya imodzi itamatuka. Anasoka zipi ya chikwama cha mwana wasukulu, n'kuiphwasula, poti anaiika chozondoka. Akuyambiranso, mthunzi unagwa pansalu. Anali mlembi uja, chikwama chaulendo chili paphewa, alibe womasulira.

Mayi Zipi sananyamuke. Anakoka dirowa, n'kusuntha mabatani ndi timapini, n'kutulutsa kansapato kabuluu kouma gwa, kosakwana ngakhale chikhatho. Bamboyo anakalandira ndi manja awiri n'kukhala pabenchi ya makasitomala. Anakatembenuza uku ndi uku. Mayi Zipi akanayamba ndi chiyani, lilime lawo likungodziwa za chiuno ndi kutalika kwa buluku?

Padepoti basi ya kumzinda inaliza hutala, kondakitala wa kolala yakuda uja akuitanira otsala. Mayi Zipi anatolera timawu tochepa takumtunda timene anali nato, tokhotakhota, tomwe makasitomala amawaseka nato.

"Basi yako. Ikupita."

Mwana wawo anatsitsa chikwama paphewa n'kuchikankhira pansi pa benchi. M'chinenero cha amayi ake ankadziwa liwu limodzi lokha, limene analimva dzulo lake mobwerezabwereza mpaka linakhazikika.

"Ayi," anatero.