Msana wa Atate

Ndinaganiza zochoka ku Kalingalinga mwezi umene malipiro anga a unesi anatha sabata isanathe. Zaka zisanu pa kiliniki ya m'komboni zinali zitandikwana. Nditawauza atate, amene ndi kalipentala, sanakweze n'komwe mutu pa thabwa limene ankapala. Anangoti, "Pita, Enelesi, koma usakaiwale mwambo." Amayi anali atamwalira kale, ndiye pakhomo panatsala iwo ndi mng'ono wanga Tamara. Ana tilipo awiri, tonse aakazi.

Ku Mangalande ndinapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kumeneko chilichonse chili ndi pepala lake. Nkhalamba ikangofika umaiona thupi lonse, zidendene, m'chiuno, kumunsi kwa msana, n'kulemba ngati imatha kudzisuntha, ngati imadya, ngati imadzinyowetsa. Ikapezeka kuti ili pangozi ya zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, umaitembenuza maola awiri aliwonse n'kusaina. Chilonda chikatuluka pamakhala msonkhano, ndipo abale akhoza kukasuma. Bwana wanga, mayi wosadziwa kuseka, ankabwereza mawu amodzimodzi: "Chimene sunachione ndi maso ako, usachisainire."

Ine mumtima ndinkawaseka. Ndinkati anthu akuno akulimbana ndi mapepala chifukwa ana anathawa makolo awo, ife kwathu kholo sitilisamala ndi bolopeni. Koma ndikaweruka ndinkalowa m'kachipinda kozizira, n'kumamvetsera mauthenga akale a Tamara kuti ndingomvako phokoso la macheka kumbuyo kwake. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Kusungulumwa kokha ndiko ndinkabisa.

Chaka chachitatu atate anadwala sitiroko, mbali yakumanja n'kufa. Anagona m'chipatala masabata atatu, Tamara ali pambali pa bedi, kenako anawatulutsa. Tchuthi anandipatsa patapita miyezi iwiri. Nthawi yonseyo mtima sunakhale pansi. Ndinkatembenuza bambo wa eni, maganizo ali pa wanga. Pa nthawi yopuma ndinkathamangira foni.

"Tamara, ubatembenuza ba tate?"

"Ee, ba sisi, nibatembenuza. Bali che bwino, musadandaule."

Ndinkapumira m'mwamba n'kubwerera ku ntchito.

Tsiku lofika ndinawapeza atate ali aukhondo, ndevu zometa, malaya osita, bulangete mpaka pachifuwa. Tamara anali ataonda ndi kutopa. Koma nditangowerama kuti ndiwapatse moni, fungo linandipeza. Fungo limenelo nesi salisokoneza ndi lina. Ndinamukokera Tamara panja.

"Kumusana unabaona liti?"

Anayang'ana pansi. "Ba sisi, ndine mwana mukazi. Ningabavule bwanji ba tate? Nimasintha che mapilo. Ba Sakala ndiye bamabasambika pa Sondo."

A Sakala ndi mnzawo wa atate wa ku ukalipentala. Nditawafunsa anavomera kuti anaona pofiira, kenako potupa, n'kumapakapo mafuta. "Manje ningamuuze bwanji mwana mukazi malo yamene yaja?" anatero. Ndinapsa mtima, koma womukalipira sindinamupeze. Aliyense ankawakonda atate, ndipo aliyense ankawapatsa ulemu.

Ndinabwerera m'chipinda n'kugwada. Ine amene ndavula makolo a eni osawerengeka, apa ndinachita kupempha.

"Atate, ndikupempha ndikuoneni kumsana."

Dzanja lawo lamoyo linagwira bulangete mwamphamvu. Lilime linali lolemera, koma ndinamva. "Sizichitika, mwana wanga."

"Ndikudziwa. Koma chilondacho chikalowa m'magazi ndikuikani m'manda tchuthi changa chisanathe. Sindinabwerere zimenezo."

Atate anasiya bulangete lija, n'kuika dzanja lomwelo pamaso pawo.

Chilonda chinali kumunsi kwa msana, chachikulu ngati chikhatho changa, m'mbali mwakuda. Masana omwewo tinabwerera nawo kuchipatala, kumene anachotsa mnofu wakufa n'kuwayambitsa mankhwala. Ndinapempha kuona pepala la ulendo woyamba uja. Mabokosi onse a kutembenuza anali ochongedwa bwinobwino. Nesi wa tsikulo, yekha pa wodi yodzaza, anandiuza mosabisa kuti amafunsa wodikirira wodwala, akati ee, amachonga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuphunzitse ntchito, n'kutsekanso. Miyezi iwiri yathunthu inenso ndinkachita zomwezo pa foni. Ndinkamva "ee" n'kusainira msana umene sindinauone.

Atate atabwerera kunyumba, a Sakala anadula pulayiwudi n'kuikhoma pamwamba pa bedi. Ndinajambulapo mizere ndi pensulo yawo ya kalipentala: nthawi, mbali, dzina, ndi bokosi lalikulu la zimene waona. Akalipentala anzawo atatu analembetsa maola awo, akuseka kuti ayamba unesi ku ukalamba. Koma iwo ali ndi mipando yoti akhome, ndipo maola ambiri ndi a Tamara. Tsiku loyamba Tamara analira, nati anthu a kutchalitchi akamva adzamuona bwanji. Ndinagwira manja ake n'kuwaika paphewa ndi pachiuno pa atate, tinakankha limodzi.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi kuti ndikwere ndege, ndipo chikwama ndachitsegula ndi kuchitseka kangapo. Kukhala ndikufuna, koma mabandeji ndi mankhwala zimachokera ku ntchito yomwe ija. Chilonda chayamba kufiira bwino m'mbali, kutseka sichinatseke. Ndamuuza Tamara kuti ndikamaimba sindidzafunsanso ngati wawatembenuza, ndidzafunsa chimene waona.

Dzulo masana tinatanganidwa ndi kuchapa, ola n'kudutsa. Tinamva kugogoda pa pulayiwudi. Titalowa, atate anatiloza ndi maso tonse awiri.

"Nthawi yakwana," anatero.

Ndipo tisanapemphe, anakweza dzanja n'kudziphimba kumaso.